Zitini Khumi ndi Ziwiri za a Chigamba

Bambo anga anamata matayala zaka makumi anayi m'tsinde mwa phiri, koma pamwamba pake anali asanapondepo. Madalaivala ankawatchula kuti a Chigamba. Pantchito pawo panali kashedi ka malata anayi, pampu, jeki, ndi beseni la madzi akuda bii loviikamo chubu pofufuza potulukira mpweya. Galimoto iliyonse yotsika phirilo inkadutsa pamaso pawo mabuleki akununkha.

Anali ndi khalidwe limodzi lotopetsa. Akazula chinthu m'tayala, kaya msomali, kaya kamwala kakuthwa, sankataya. Ankayamba apanikiza mwini galimoto ngati wapolisi: "Chakubayani pati chimenechi? Musanawoloke mlatho kapena mutawoloka?" Dalaivala akayankha, iwo ankachiponya m'chitini cha malo amenewo. Zitinizo zinalipo khumi ndi ziwiri, zitandandalikidwa pathabwa monga momwe msewu umakwerera.

Chaka chatha adokotala anatiuza kuti maso a bambo akutha, ndipo si ng'ala yoti n'kuchotsa. Anati ikamadzagwa mvula adzakhala akungosiyanitsa usana ndi usiku basi. Ine ndinalira njira yonse. Titafika kunyumba iwo anati, "Iwe, galimoto ya amuna ako ija imakwera chitunda? Ndikufuna ndikaone kumene kumachokera matayala angawa."

Kukonzekera kunatenga masabata atatu, ndipo kunena zoona kunandikwana. Ndinawaonetsa mapu a pafoni, iwo n'kuseka. "Kameneko kanamatapo tayala la ndani?" Anang'amba katoni ya firiji, n'kuiyala pansi m'shedi muja, n'kuyamba kujambula msewu ndi khala, mphuno itatsala pang'ono kugunda katoniyo. Pakona iliyonse ankakhazikapo chitini chake.

"Apa pali miyala yoyera yocheka ngati lezala. Apa malole amadikirirana. Apa pobwerera udzaike giya wani, osamaponda buleki ngati ukupha njoka." Ankadziwa poti tichepetse mpweya m'matayala, poti injini ipume, ngakhale mtengo umene dalaivala wina wa basi anakhala pansi pake masiku awiri kudikira sipeya. Munthu woti sanapiteko!

Koma msewu wawowo unathera pakati pa katoni. Theka lakumtunda linalibe cholemba chilichonse.

"Nanga uku, bambo?"

"Uko ndi pamwamba. Kulibe kanthu."

"Kulibe kanthu bwanji?"

"Zaka zonsezi palibe anabwerapo ndi msomali wa kumeneko. Ndikawafunsa amati n'kosalala, umangodutsa."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa ndi masipeya awiri, pampu, ndi katoni ija itapindidwa pamiyendo pawo. Abale inu, zonse zinali momwemo. Ankati, "Chepetsa," kona n'kutulukiradi. Koma pamalo a chitini chilichonse ankandiimitsa, n'kutsika, n'kunjuta m'mbali mwa msewu kumapapasa miyala. Kumbuyo kwawo kuli chigwa choti ukasuzumira mutu umazungulira, mathithi akugwa kuchokera pathanthwe, iwo ali ndi kamwala m'manja, "Ndi kameneka! Kanandilerera ana kameneka."

Pa chitini chachisanu ndi chinayi ndinapsa mtima. Dzuwa linali litapendeka, ndipo nkhungu inkakwera m'chigwa muja kutilondola.

"Bambo, ndakubweretsani kuno kudzatola miyala? Miyala mudzaipapasa ngakhale maso atatha! Nkhunguyi ikatipeza simuona kanthu."

Ndinadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. Anataya kamwala kaja n'kulowa m'galimoto. Makona atatu otsalawo anangowatchula motsitsa mawu, osandiimitsanso.

Kenako msewu unawongoka, chitunda chinatha, ndipo ndinaponda buleki popanda wondiuza. Kutsogolo kwathu kunali chidikha chopanda malire, udzu wofiirira ukuwerama ndi kudzuka ndi mphepo mpaka kumene maso amalekezera. Mitambo tinali titaisiya pansi. Kutali uko kunali mapiri ena, atasanjikizana kumbuyo kwa anzawo, ndipo dzuwa linkawawomba chammbali. Kunali zii, moti ndinkamva injini ikuthetheka pozizira. Ndinachita mantha, sindinama, mantha okoma.

Bambo anatsika n'kuvula chipewa. Munthu amene ndinakula ndikumuona ataweramira beseni anaima njo, mutu uli m'mwamba, akutembenuka pang'onopang'ono.

"Mukuona, bambo?" ndinafunsa.

"Takhala chete, iwe. Ndikuona."

Anaima choncho nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu. "Anthu aja ndi oipa mtima," anatero. "Zaka makumi anayi, iwo n'kumandiuza kuti kulibe kanthu." Kenako anapukusa mutu. "Ayi, wolakwa ndine. Ndinkangowafunsa chimene chawabaya."

Ndinawapatsa khala ndi katoni ija kuti amalize mapu awo. Anayang'ana theka losalembedwa lija, n'kuyang'ana chidikha, n'kundibwezera khalalo.

"Pinda, mwana wanga. Sizingakwanepo."

Mvula inagwa, ndipo maso anathadi monga ananenera adokotala. Kushedi amapitabe. Potulukira mpweya amapapeza poyendetsa chubu pafupi ndi tsaya lawo, ndipo sapaphonya. Zitini zija zachita dzimbiri pathabwa, palibe chatsopano chagweramo. Dalaivala akaima mabuleki akununkha, n'kuyamba kufotokoza pamene msomali wamubaya, bambo amamudula pakamwa.

"Za msomali zisiyeni, achimwene. Mwadutsa pamwamba paja? Tandiuzani, lero kukuoneka bwanji?"