Jekete ya Don Nicanor

Fulgencio Mera ndi Nicanor Intriago anafika ku Puerto Almendro tsiku limodzi, m'bwato limodzi, onse asanamere ndevu. Mpaka kukalamba kwake Fulgencio sankatopa kukumbutsa anthu zimenezi. Ankawonjezera kuti wopalasa anali iyeyo, Nicanor ankangosanza njira yonse.

Anayamba ndi kusenza matumba a koko. Masiku amenewo sitima zinkaima kutali ndi gombe chifukwa madzi anali osaya, ndiye katundu ankapitako ndi mabwato. Fulgencio ankanyamula matumba awiri, mnzakeyo limodzi, nalonso modandaula. Ngakhale kuwerenga, Nicanor anakuphunzira kwa Fulgencio, pa zilembo za pamatumba omwewo. Koma Nicanor anali ndi pakamwa. Anayamba kukwera m'sitima atasanjikiza pamutu zipewa zisanu ndi chimodzi zoluka azakhali ake, n'kumatsika mutu uli pamtunda, amalinyero akumuseka koma atagula. Zipewa zinabala kagolosale, kagolosale kanabala nyumba yosungiramo koko. Pomwe Fulgencio ankagula bwato lake loyamba, anthu anali atayamba kale kumutchula mnzakeyo mwaulemu kuti Don Nicanor.

Chomwe chinkamupweteka kwambiri Fulgencio n'chakuti munthuyo sanayambe wamunyozapo. Akadadzikuza, bwenzi nkhani ili yosavuta. Koma Nicanor anaimirira mwana wamkazi wa Fulgencio pa ubatizo, ndipo kuyambira pamenepo ankamutcha compadre pagulu paliponse, n'kumukumbatira ngakhale akununkha nsomba. Fulgencio ankabwerera kunyumba mtima utatupa, chakudya osadya, n'kumauza mkazi wake Eduviges kuti mafuta onunkhira amene anthu olemera amadzola amamudwalitsa mutu.

Nicanor atasankhidwa kukhala meya, chinthu choyamba anamanga mlatho wa padoko, wautali mpaka pamene madzi akuya. Sitima zinayamba kukocheza pomwepo, ndipo mabwato onyamula katundu anatha ntchito, la Fulgencio lomwe. Meya anabwera yekha wapansi kudzamupempha kuti akhale kapitawo wa pamlathopo.

"Compadre, palibe amene amalidziwa doko lino kuposa inu. Yunifolomu ndakusoketserani kale."

"Musoketsereni wina, Don Nicanor. Ine sindinafike povala zondisankhira anthu."

Eduviges anamufunsa ngati ana adzadye kunyadako. Kenako mayiyo anayamba kukazinga nsomba ndi nthochi pachipata cha doko, ndipo banjalo linkadyera pamenepo. Fulgencio ankawaza nkhuni ndi kupala mamba, maso ali pa kapitawo amene analowa m'malo mwake, munthu wosadziwa n'komwe kumanga chingwe.

Za madzi zinali zowawa kuposa apa. Mzindawo unkamwa madzi a m'migolo, obwera pamsana pa abulu, ndipo chaka china matenda otsekula m'mimba anatha ana ambiri. Fulgencio ankadziwa kasupe wina m'mapiri, kumene ankakasaka nyama. Ndiye amene anatsogolera meya ndi akatswiri ake kumeneko, ulendo wa masiku awiri, ndipo meya atatupa mapazi anamubereka powoloka mtsinje. Tsiku lotsegulira mpopi pabwalo la mzinda, Nicanor anatchuladi dzina la Fulgencio, koma oimba malipenga anayamba msanga ndipo palibe anamva. Nyuzipepala inalakwitsa dzinalo, n'kulemba kuti meya anathandizidwa ndi mlenje wina dzina lake Florencio Vera. Fulgencio anadziwa kuti Nicanor sanalakwe pamenepa, komabe anakhala miyezi itatu akutunga madzi kwa a abulu, Eduviges akutunga pampopi.

Nicanor analamula mzindawo maulendo atatu. Anamanga msika wa denga la malata ndi sukulu ya ana a anthu osenza katundu, kenako m'mawa wina anagwa pakati pa matumba m'nyumba yake yosungiramo koko, osadzukanso. Pa maliro ake sitima zonse za padoko zinaliza malipenga. Fulgencio ananyamula nawo bokosi ndipo analira zenizeni, koma ali mkati molira anayamba kuwerenga nkhata za maluwa, ndipo atafika pa makumi asanu ndi awiri anasiya.

Patapita chaka, akhonsolo anaitanitsa wosema ziboliboli kuchokera ku likulu. Zithunzi za malemuyo zinalipo, koma zonse zinali zoyambira m'khosi kupita m'mwamba, ndipo wosemayo anati akufuna munthu woti aziimirira kuti aone thupi. Mkazi wa malemu, Doña Zoila, anabwera pachipata cha doko atanyamula jekete yakuda ya mwamuna wake. Anati msinkhu wa Fulgencio ndi wa malemuyo unali umodzi, ndipo sangalole mlendo kuvala jeketeyo.

Fulgencio anafuna kukana. Koma atalowetsa manja anaona kuti jeketeyo ikumuthina m'mapewa, ndipo anasangalala kuposa mmene anasangalalira pa ukwati wake. Anaima milungu isanu m'shedi ya wosemayo, dzanja lamanja ataloza kunyanja. Wosemayo ankamuyamikira chifuwa, amvekere malemuyo akanakhala ndi thupi lotere bwenzi ntchito ili yokoma kalekale. Fulgencio ankafika kunyumba akuimba mluzu.

Chiboliboli chinavundukulidwa pabwalo la mzinda pa Sabata masana. Anthu anaomba m'manja, amayi ena anapukuta misozi, ndipo mkulu wina amene anaima pafupi ndi Fulgencio anati Don Nicanor ndi ameneyu ndithu, taonani mapewawo, munthu ankachita kuoneka kuti anabadwira kulamula.

"Mapewa amenewo ndi anga," anatero Fulgencio.

"Inde madala, ndi athu tonsefe," mkuluyo anayankha mwaulemu, n'kusuntha pang'ono.

Fulgencio anauzanso ena awiri atatu, mpaka Eduviges anamukoka malaya kuti akuchititsa manyazi.

Fulgencio anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi ziwiri. Miyendo itayamba kuvuta ankakhala pabenchi ya pabwalopo, chifukwa ndi pokhapo panali mthunzi. Alendo otsika m'sitima ankamufunsa kuti munthu wa pamwalayo anali ndani, ndipo iye ankawafotokozera zonse mosanama, za mlatho, za madzi, za sukulu. Akafunsa ngati ankamudziwa, ankati ankangomuonera patali.