Giya ya Kwanu

A Cornelius anafika m'mudzi mwathu, kuseri kwa Mbombwe, ali pa galimoto. Akamwini ena amabwera ndi mphasa ndi kachikwama, koma iwo anatulukira pa Rova yobiriwira imene anawasiyira bwana wawo wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene anali dalaivala. Kwawo kunali ku Mbulumbuzi. Anadzakwatira a Mervis, oyandikana nafe nyumba, ndipo galimotoyo anailowetsa m'kanjira kopapatiza ka pakati pa minda ya nandolo n'kuiimika pansi pa mtengo wa mapeyala. Pabwalo pawo panalibe malo otembenukira. Ankalowa chakutsogolo, potuluka chambuyo.

Inali ya otomatiki, yopanda kilachi. Pandodo ya giya panali zilembo. A Mervis sanapite patali ndi sukulu, choncho zilembozo anazipatsa mayina awoawo. P inali Pumulani. D, yopitira kutsogolo, ankati ndi Kwathu, chifukwa ndi imene inkalowetsa galimoto pakhomo. R, yobwerera m'mbuyo, ankaitcha Kwanu. Amuna awo akangoika pa R, iwo amvekere, "Bwanji bambo a Pililani, mwatopa nacho chikamwini? Mukubwerera kwanu?" A Cornelius ankaseka mpaka kutsokomola. Nthabwala yomweyo tinaimva kuyambira tsitsi lawo lili lakuda mpaka litachita mbuu.

Galimoto yokalamba ili ndi matenda ake, ndipo a Rova anali kebulo ya magiya. Ndi chingwe chachitsulo chochokera pandodo ija kupita ku giyabokosi kunsi. Chikatamuka, ndodo imanena china, galimoto n'kumachita china. Uika pa D, injini ikungolira, matayala ali chete. Uika pa P, galimoto ikukana kulira. Zikatero a Cornelius ankaikweza pajeke, kuikira zipika, kuyala chiguduli n'kulowa kunsi ndi masipanala. Ntchitoyi ankaichita awiri. A Mervis ankakhala pampando wa dalaivala atagwira ndodo pa N, pamene galimoto sili m'giya iliyonse, kuti isasunthe, pomwe amuna awo kunsi akumasula nati, kukankha kadzanja ka giyabokosi mpaka nako kagwere pa N, kenako n'kumanganso natiyo.

"Make Pililani, gwirani pa N!"

"Ndagwira kalekale. Inu ndinu mukuchedwa."

Ife tikamva mawu amenewa tinkadziwa kuti mawa lake kuli ulendo. Rova imeneyi yanyamula odwala kupita nawo kuchipatala ku Boma, yanyamula akwati, yanyamula amayi akwaya. Inanyamulanso bokosi la Pililani, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anamwalira ali mtsikana wapasukulu. Wina sanabadwenso.

Chaka chatha, chimanga chitangoyamba kufula ngayaye, a Mervis anadwala chibayo ndipo sanachedwe. Tinawaika pafupi ndi Pililani. Pochokera kumanda Rova inafika pansi pa mtengo uja, ndipo kebulo inatamukira pomwepo.

Mwambo wa kuno aliyense amaudziwa. Mkazi akamwalira, kumeta kukachitika, abale ake amasudzula mwamuna kuti abwerere kwawo. Akakhala ndi ana, anawo amati bambo athu asachoke. A Cornelius analibe wowanenera. Mwini mbumba anali a Funsani, mchimwene wa malemu, ndipo kumbuyo kwawo kunali adzukulu oyembekezera munda. Ine zinandinyansa, ndisabise. Munthu amene wakumba nafe manda, wafolera nafe tchalitchi, lero akhale mlendo? Koma a Funsani sanali munthu wankhanza. Anangoti, "Alamu, konzani kaye galimotoyi, mukatha muzipita bwinobwino. Sitikukuthamangitsani ayi."

Ntchito imene kale inkatha madzi a tiyi asanawire inatenga nyengo yonse yokolola. M'mawa uliwonse a Cornelius ankayala chiguduli n'kulowa kunsi. Ndikamadutsa ndinkangoona mapazi. Tsiku lina ankati nati yachita dzimbiri, tsiku lina sipanala yake yasowa, kenako ati kebulo ina akuyembekezera kuchokera ku Limbe. Ndinawauza kuti ndingawagwirire ndodo ija, iwo anati, "Ayi mayi, dzanja lanu silinaizolowere." Madzulo ankasamba m'manja n'kukakhala pachitsa cha m'mphepete mwa munda, pamene pamaonekera mitengo ya kumanda. Tonse tinkadziwa kuti galimoto ikachira, iwo apita. Palibe anatchula.

Nandolo atauma, adzukulu anayamba kung'ung'udza kuti nthawi yopanga mizere yayandikira. A Funsani anabwera m'mawa wina, napeza mapazi aja atatulukira kunsi kwa Rova. Anaima kanthawi, kenako anatsegula chitseko n'kukhala pampando umene ankakhala mlongo wawo. Galimoto inagwedera pang'ono. Ine ndinali pakhonde langa ndikusenda chinangwa, ndipo ndinamva mawu akuchokera kunsi, mwachizolowezi, osaganizira:

"Make Pililani, gwirani pa N."

A Funsani anayang'ana zilembo zija, nagwira ndodo ndi manja awiri ngati wagwira mpini.

"Ndagwira, alamu," anatero.

Kenako kunsi kuja sipanala inalira. Nati imene ankati yachita dzimbiri inamasuka kamodzin'kamodzi. Tinamva kadzanja kaja kakugwera m'malo mwake, natiyo n'kumangidwanso. A Cornelius anatuluka nkhope ili noninoni ndi mafuta, ndipo pamasaya panali mizere iwiri yoyera pamene panadutsa misozi. Anachotsa zipika, kutsitsa jeke, n'kuliza injini pa P. Inalira nthawi yomweyo. Anayesa zilembo zonse chimodzichimodzi ataponda buleki, chilichonse chikuyankha mmene chiyenera kuyankhira.

"Yachira," anatero.

A Funsani anavula chipewa.

Katundu wawo sanali wambiri: sutikesi, bokosi la masipanala, wailesi, ndi chitenje chimodzi cha a Mervis chimene anapempha. Anachiyala pampando wa pambali pawo. Anthu tinasonkhana pabwalo, amayi akwaya anayamba nyimbo koma siinapite patali. Ine ndinawapatsira nandolo m'kathumba, mtima ukundiwawa kwambiri.

Anakhala pachiwongolero, dzanja lili pandodo. Kutsogolo kwawo kunali nyumba imene anaumba okha njerwa zake, ndipo kuseri kwake mitengo ya kumanda. Anatsitsa ndodo mpaka pa D, galimoto inasendera pang'ono chakunyumba, iwo n'kuponda buleki. Kutsogoloko kunalibe njira. Anakankha ndodo kudutsa pa N mpaka inagwera pa R, ndipo anadikira pang'ono, mutu atapendeketsa chakumpando wa chitenje uja. Palibe anawafunsa ngati atopa nacho chikamwini.

Rova inatuluka chambuyo m'kanjira ka pakati pa nandolo. A Cornelius, amene moyo wawo wonse ankatiphunzitsa kuti pobwerera m'mbuyo uzicheuka, tsiku limenelo sanacheuke. Njirayo ankaidziwa. Maso awo anali pa nyumba ija mpaka anakafika kumsewu.