Ndinkati Achemwali Anga Akudya Mobisa

Inu owerenga, ndinalakwira munthu amene anandilera, ndipo mpata wopepesa sindinaupeze.

Nditasiya sukulu sitandade 6, nditakangana ndi aphunzitsi, anandisunga ndi achemwali anga, Abiti Mussa, kumudzi kwathu pafupi ndi Nsanama. Ndikapsa mtima iwo ankangoseka, n’kumanditchula kuti Chemoto. Mpaka lero ndimawakumbukira akupeta mpunga pakhonde, uku akuimba nyimbo za Chiyao.

Kenako kunagwa njala ija tinkadyera gaga ndi mango owiritsa. Ine ndinkasenza matumba pamsika. Ndikabwerako ndinkapeza kambale kanga atavundikira. Ndikafunsa za iwo, ankati, “Ndadya kale, achimwene.”

Ine nthiti zinayamba kuonekera, koma iwo nkhope inadzaza, miyendo n’kukula mpaka patapata osalowa. Kwathu kunenepa ndi chizindikiro cha kudya bwino, choncho amayi a pamjigo ankawaseka kuti, “Abiti Mussa, mwapeza bambo wa chigayo kodi?” Mawu amenewo anandilowa.

Tsiku la msika ndinawakakamiza kuti agwire ngowe ya sikelo yopimira nandolo, alendewere. Muvi unapitirira pomwe unkafika akadzipima nthawi yokolola. Ndinakuwa anthu akumva kuti ndi wakuba, akubisa ufa. Kunyumba ndinagudubuza miphika, kung’amba denga la kitchini, osapeza kanthu. Iwo anangokhala pamkeka kundiyang’ana. Tsiku lomwelo ndinasamukira ku Ulongwe.

Patapita masabata atatu uthenga unandipeza kuti achemwali agonekedwa kuchipatala. Ndinawapeza akupuma movutika, osayankhula. Anamwino anadinikiza chala pamsongolo pawo, ndipo dzenje linatsala pomwepo, osabwerera. Anati, “Awa ndi madzi, bambo, si mnofu ayi. Munthuyu watupa ndi njala.” Mayi woyandikana nafe, yemwe ankawadikirira, anandiuza kuti kambale kaja kanali ka anthu awiri, koma achemwali ankandisiyira konse. Achemwali anamwalira patatha masiku awiri.

Abale anga, sikelo imapima madzi ndi mnofu pamodzi, siisiyanitsa. Mukaona m’bale wanu wanenepa mwadzidzidzi, makamaka mapazi ndi nkhope, musamuyamikire ndipo musamunene. Dinikizani chala pamwendo. Dzenje likatsala, thamangani naye kuchipatala, kaya kuli njala kaya kulibe. Ndipo munthu akati wadya kale, khalani pansi mugawane naye.

Ine ndimasenzabe matumba. Pamsika ndine Chemoto ndithu, koma palibenso amene amalitchula dzinalo akuseka.