Ku York, Nsapato Zili Pakhosi

Ndinatuluka m'nyumba 6 koloko m'mawa, Loweruka, nditanyamula chikwama chachitali chosungiramo suti ndi bokosi la nsapato. Pa siteshoni ya sitima ya Murdoch ndinakumana ndi namwino wina akuchokera kuntchito, mnzake wa malemu mkazi wanga Tamanda. Anayang'ana chikwamacho n'kuchizindikira.

"Mukupitadi, alamu?"

"Ndikupita."

"Mukajambulitse."

Tamanda ankasoka zovala m'kagulu ka anthu okonda mbiri yakale. Chaka ndi chaka anthuwa amasonkhana ku York, tauni yaing'ono kum'mawa kwa mzinda wa Perth umene ndimakhala, n'kumaonetsa mmene anthu ankakhalira zaka zana zapitazo, ndipo masana kumakhala chionetsero cha zovala. Atatopa ndi kusokera azungu madiresi a agogo awo, anapempha kuti nayenso aikemo wake: agogo a bambo ake, mphunzitsi wa ku Dedza, amene tili ndi chithunzi chawo chimodzi chokha. Anasoka jekete loyera la nsalu yolimba ndi thalauza lake, ndipo wovala anali ine. Chaka chimenecho mliri unalepheretsa msonkhano. Mu Febuluwale wotsatira Tamanda anamwalira ndi matenda ena. Malire anali otseka, makolo ake anaonera maliro pa foni.

Sitima inandidya madola osakwana asanu mpaka ku Midland, nditasintha kamodzi mu Perth. Kumeneko ndinapeza a Tembo akundidikira mu galimoto. A Tembo ndi bambo wachikulire wa ku Chipata, amayang'anira malole ku Kewdale, ndipo ndi amene anandiyendetsera zonse za maliro.

Tikukwera mapiri cha m'ma 8 koloko, anandifunsa chifukwa chimene ndagwirira bokosi pamwendo ngati muli mazira. Ndinawafotokozera. Pa chithunzi paja agogowo sanavale nsapato. Anamanga zingwe zake pamodzi n'kuzikoleka pakhosi, ndipo Tamanda anafuna kuti ndiyende momwemo.

A Tembo anachepetsa liwiro.

"Imwe a Banda, muziba vimene mukamba? Zaka fifitini nili muno niuza bazungu ati kwathu tili na nsapato, tili na malaiti. Manje imwe, na digiri yanu, mufuna kuyenda chabe mendo pamenso pao?"

Zimene ananenazo ndinali nditaziganiza kale kwa masabata angapo, ndipo ndinanyamuka ndisanasankhe chochita.

Pamphambano ya msewu wa ku York tinaima pogulitsira mafuta. Tinajambula kachizindikiro kapakhomo ndi foni monga mwa lamulo la masiku a mliriwo, n'kugula payi wa nyama ndi tiyi. Panja, bambo wina wovala chipewa chachitali ngati mtondo ndi jekete lamchira anali kuthira dizilo m'galimoto yake, nkhope ili gwa.

"Mwaona?" anatero a Tembo. "Ngakhale wofuntha uyu avala nsapato."

Kuchokera pamenepo nkhalango inayamba kuchepa, ndipo tinalowa m'minda ya kanola, mbewu ya mafuta ophikira, itachita maluwa achikasu mpaka kumene maso amalekezera. Tinafika ku York 10 koloko isanakwane. Msewu waukulu anali atautseka. Ngolo za mahatchi zinali kudutsa, wosula zitsulo akumenya zake pansi pa mtengo, ndipo pachipata msilikali wa jekete lofiira, mfuti ili paphewa, anali kupopera anthu mankhwala m'manja.

Mkulu wa osoka, mayi Judy, anandipatsa moni wogundanitsa zigongono poyamba, kenaka anasintha maganizo n'kundikumbatira. Anandionetsa kapepala kamene woulutsa mawu adzawerenge ndikamayenda. Zolembazo zinali za dzanja la Tamanda.

"Palibe akukakamizeni," anatero. "Ndipo pansipa pali minga yoipa, ija ya nsonga zitatu. Mukafuna kuvala nsapato, ndifufuta mizere iwiri yomalizayi, basi."

Ndinawapempha kuti andipatse nthawi.

M'hema yovalira munali amuna asanu akulimbana ndi makolala olimba a malaya awo. Ndinavala thalauza, malaya, tayi ndi jekete. Kenaka ndinavala nsapato n'kuima pa galasi. Ndinkaoneka ngati woperekera zakudya mu hotela amene wabwereka yunifomu ya mng'ono wake. Thalauza linalekeza pamwamba pa akakolo, ndipo pakati pa nsalu ndi nsapato panatsala mpata wochititsa manyazi. Tamanda sankaphonya muyeso. Anandiyesa katatu, mapini ali pakamwa, akundikalipira kuti ndisagwedezeke. Anadula thalauzalo dala motero, kuti lisakhudze fumbi ndi mame, monga la munthu woyenda mtunda wautali. Nditavula nsapato n'kuzikoleka pakhosi, zonse zinakhala m'malo mwake, ngakhale mapewa.

Ndinapita kwa mayi Judy n'kuwauza kuti asafufute kanthu.

Chionetsero chinayamba 1 koloko. Ndinali wa nambala 14, pambuyo pa mayi wovala ngati mkazi wa bwanamkubwa, amene diresi lake linkafuna anthu awiri olithandiza kukwera masitepe. Kuchokera pa hema kufika pa nsanja panali mapazi ngati makumi atatu, pa timiyala tofiira. Munga unandilowa m'chidendene ndisanafike pakati. Sindinaime. Chakumbuyo wina anaseka, ndipo ndinamumva bwinobwino.

Woulutsa mawu anayamba kuwerenga. Anati uyu ndi mphunzitsi wa ku Nyasaland, amene sabata iliyonse ankayendera sukulu zinayi za m'midzi wapansi. Anati nsapato anali nazo zomwezi basi, ndipo sankazipereka kwa msewu. Ankazisungira ana ake a sukulu.

Kumapeto kwa nsanja anali ataikako kampando. Ndinakhala pansi, ndinatulutsa kampango m'thumba, n'kupukuta phazi lililonse mosafulumira. Ndinamasula zingwe, kuvala nsapato, kumanga. Nditaimirira ndinamanga mabatani onse atatu a jekete, ndinayang'ana anthuwo monga mmene mphunzitsi amayang'anira kalasi, n'kunena m'Chichewa, "Moni ana inu."

Sanamve mawuwo, koma mzere woyamba wonse unawongoka pamipando. Kenaka anaomba m'manja nthawi yaitali, mpaka wa nambala 15 anachita kudikira. Mayi Judy anali atatembenukira kuhema, akupukuta maso.

Tinanyamuka 3 koloko, titadya tizitumbuwa ta jamu timene amayi a kumeneko anatikakamiza. Tinadutsa minda yonse ya kanola. Titalowanso m'nkhalango a Tembo anatsokomola.

"Mwalakwisa chimozi."

"Chiyani, bambo?"

"Kampango ni ka kumaso. Mendo bapukuta na mayani ya mtengo, bakalibe kufika pa sukulu, kuti bana basaone."

"Inu mukudziwa bwanji?"



"Batate banali katekisti. Nenze kubanyamulira buku." Anasintha giya. "Chaka cha mailo mukachite bwino. Nizabwera na bana banga."

Ananditsitsa ku Midland, ndipo ndinafika kunyumba dzuwa likulowa, ndikutsimphina pang'ono. Kwa miyezi isanu ndi iwiri aliyense wondiona ankaona bambo woferedwa, n'kutsitsa mawu. Ku York, kwa mphindi zitatu, anthu osandidziwa anaona ntchito ya manja a Tamanda, ndipo ntchitoyo inali yabwino.