Bokosi lomwe ndinachotsa pansi pa lole

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Chomwe ndinkasowa chinali bokosi lokhoma loikamo katundu. Basi.

Ababa anali makaniko ku Mangochi. Pabwalo pathu panali lole yakale yomwe ankaiukitsa kwa chaka chachitatu. Bodi yake anainyamula kuti azipala dzimbiri kunsi, n'kuikhazika pa mabokosi achitsulo a zipolopolo, obiriwira, omwe anagula pamene asilikali a ku Monkey Bay ankagulitsa katundu wotha ntchito. Anali asanu ndi atatu, awiriawiri pa ngodya iliyonse, odzaza mchenga kuti asapindike. Aliyense anali ndi chogwirira komanso pokolowekapo loko.

"Ababa, ndipatseniko limodzi," ndinawapempha.

"Lole ikatsika, limodzi ndi lako."

Lole imeneyo siinkatsika. Sukulu inali itatsegulidwa kale, ndipo ndinamva kuti ukachedwa malo ako amapatsa wina.

Lachisanu, Ababa atapita ku mzikiti, ndinatenga jeke. Ndinakweza ngodya yakumbuyo, ndinasolola bokosi lapamwamba, n'kusanjapo njerwa zootcha. Ndinaphimba ndi chiguduli. Mchenga ndinakataya kuseri kwa bafa. Ndinadziona wochenjera kwambiri.

Atabwera anavula mkanjo, anavala ovolosi, n'kulowa kunsi ndi hamala. Ine ndinaima pomwepo n'kumangoonerera. Anamenya kamodzi, kawiri. Kachitatu njerwa zinalira ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, bodi n'kupendekeka. Inawapana mkono wamanja. Dzimbiri linkawagwera m'maso, iwo osatha n'kutembenuka komwe. Anthu oyandikana nafe anainyamula ndi mtengo wa bulugamu, ine ndikuwakoka miyendo Ababa.

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Kuchipatala anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Chitsulo chimayamba chapindika, umachiona. Njerwa siichenjeza, mwanawe. Ukanandiuza, ndikanaikapo chitsa."

Mkono uja sunagwirenso sipanala. Kunyumba kunali ana anayi pambuyo panga, ndiye mukuganiza kuti analowa kunsi kwa magalimoto ndani? Iwo ankakhala pampando n'kumaloza ndi dzanja lamanzere, ine ndikumanga. Sukulu inathera pomwepo. Anzanga omwe ndinkawaposa masamu amabwera pano ndi magalimoto awo, n'kumanditchula kuti abwana. Amaganiza kuti ndimasangalala nazo.

Lole ija tinaimaliza, inagulidwa ndi munthu wa ku Malindi. Mabokosi onse alipo. Langa lija Ababa anandipatsadi monga analonjezera, ndimasungiramo masipanala.

Anthu amafuna ndinene kuti ndinaphunzira kudekha. Ayi, mpaka lero mtima wanga ndi wapachala. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti usanasolole chinthu, uyambe waona chomwe chatsamirapo. Ine ndinachotsa bokosi limodzi, ndipo pamalo pakepo ndinalowapo ndine.