Masitepe a Maenje ku Shedi ya Fodya

Ntchito yanga yoyamba yaikulu nditaphunzira kuwotcherera zitsulo inali ya masitepe pa shedi ya fodya ku Wimbe. Pamwamba panali chipinda chomwe amayi ankasankhiramo fodya, pansi anyamata ankadinda mabelo pa jeke. Makwerero akale amatabwa anali atadyedwa ndi chiswe. Eni esiteti anati zopondapo ndisankhe ndekha, ndipo ntchito ikaipa asadzandionenso pamenepo.

Sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye ndinkafuna anthu aone kuti mutu ulipo. Chitsulo chosalala ndinachikana, chifukwa fumbi la fodya likakumana ndi matope a kumapazi munthu amaterereka. Ndinasankha zitsulo zolukana, za maenje akuluakulu ndi mano pamwamba, kuti zinyalala zizigwera pansi. Nditamaliza ndinadumphadumphapo kuti onse aone kulimba kwake.

M'mawa mwake amayi anafika, kuyang'ana masitepe, kuyang'ana anyamata a pa jeke, basi nkukakhala pansi pa mtengo. Panalibe wokwera.

"Mwatani kodi? Zitsulozi zitha kunyamula ngolo!" ndinakalipa.

"Kwerani nokha, amisiri," anatero mayi wina, anzake nkuseka.

Mtima wanga ndi wapachala. Mawu oipa anali atafika kale pamilomo pomwe ndinaona kuti pagulupo pali apongozi anga, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo. Ndinawameza mawuwo, owawa ngati mankhwala a malungo.

Masana kunabwera mkazi wanga.

"Amayi anga akuti mukaime pansi pa masitepe anuwo, muyang'ane kumwamba."

"Ndikaone chiyani?"

"Inu bambo a mwana, maso anu amaona chitsulo chokha? Tapitani."

Ndinapita ndikung'ung'udza. Nditakweza maso ndinaona denga lonse, mpaka misomali ya malata. Apa m'pomwe ndinakumbukira kuti okwerawo amavala zitenje, ndipo jeke ili pansi pomwepo.

"Amisiri, musasinthe kanthu, ife ntchito yanu taikonda," anatero mnyamata wina wa pa jeke. Sipanala inali m'manja mwanga. Mulungu yekha ndiye anaigwira.

Mkazi wanga anali ndi uthenga winanso: manowo amaluma anthu opanda nsapato, ndiponso masilipasi amakodwa m'maenje. Ndinapita ku boma kukasinthitsa ndi zitsulo za timaenje ting'onoting'ono, zopanda mano. Kunsi kwa masitepe ndinakhomako malata motsetsereka, kuti fumbi lizitsikira kumbali koma diso lisadutse.

Apongozi akadatha kundiyalutsa pagulu, kapena kukanena kwa eni esiteti. Ena anali atayamba kale kunena kuti mkamwini wawo ndi wamwano. Koma apongoziwo anangonditumizira uthenga kudzera mwa mkazi wanga.

Tsiku lomwe ndinamaliza, amayi anaimabe patali, aliyense kudikira mnzake. Apongozi anasenza mtolo wa fodya, anapondapo kamodzi kuyesa, nkukwera osatembenuka. Enawo anatsatira. Eni esiteti, omwe anali ataima pakhomo manja m'thumba, anandifunsa ngati zitseko zachitsulo ndimazithanso.

Madzulo ndinatuma mkazi wanga kuti akathokoze. Anabwerako ndi yankho lalifupi: "Akuti sitepe yachitatu ikulira, mukaimange."