Masamba asanu a fakisi ochokera ku Joni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa chodziwa kutaipa. Nditamaliza fomu 4 ndinkataipa zolengeza za kutchalitchi kwathu, ndipo Mayi Chikopa, omwe anali ndi malo oimbitsira foni pa Phalombe, ataona mapepala angawo anandiitana. M'kachipindamo munali foni yapansi, wotchi yowerengera mphindi, makina a fotokope ndi a fakisi. Fakisi ikangofika ndinkaichita fotokope pomwepo, chifukwa kapepala kake kamafufutika msanga.

Mmodzi mwa obwera kawirikawiri anali a Namakhwa a ku Nkhulambe, omwe anagwira m'migodi ku Joni zaka zambiri. Ndalama zawo zopumira pantchito zinatsala komweko, ndipo woziyang'anira anali mwana wawo wamkazi, namwino wa kumeneko. Tsiku lina mwanayo anatumiza masamba asanu. Ankafuna bambo ake asankhe okha kumene ndalamazo ziikidwe kuti zizibereka.

Matumba oikamo ndalamazo anali awiri. Loyamba linkagula masheya m'makampani onse akuluakulu a kumeneko: mabanki, masitolo, a mafoni, ngakhalenso a migodi. Lachiwiri linkagula a migodi okhaokha. Lililonse linali ndi mzere wosonyeza mmene layendera zaka zapitazo, ndipo wa migodi unali wokwera ngati njira ya kuphiri la Michesi.

“Mwanawe, iwe unapita kusukulu,” anatero a Namakhwa. “Lonenepa ndi liti?”

Panja anthu anali pamzere kudikira foni. M'munsi mwa tsambalo munali timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi, tina titafafanizika, ndipo ndinatidumpha. Ndinaloza mzere wokwerawo.

“Eya, migodi ndimaidziwa,” anatero. Anasaina, ine n'kutumiza.

Patatha chaka ndi miyezi a Namakhwa anabwera panjinga atakweza akazi awo. Anali atasasula denga la udzu, akufuna kutapako ndalama zogulira malata mvula isanayambe. Fakisi ya mwana wawo inali itafika dzulo lake, ndipo woiwerenga ndinali ine ndemwe. Mitengo ya miyala ya m'migodi inali itagwa padziko lonse. Ndalama zotsala m'thumba la migodi zinali zochepa kuposa zomwe anaikamo.

Mayiwo analankhula ndi amuna awo m'Chilomwe, kenako anatembenukira kwa ine. “Nanga thumba linalo?”

“Nalonso lagwa, amayi, koma osati chonchi.”

“Unawauza kuti zingathe kutero?”

Ndinatsegula faelo n'kutulutsa fotokope yakale ija. Timalemba tija tinkanena kuti thumba la malonda amtundu umodzi limakwera kwambiri komanso limagwa kwambiri, poti mulibe makampani ena oligwiriziza, ndiponso kuti mzere wa m'mbuyo si lonjezo la m'tsogolo. Ndinawawerengera mawu onsewo, mochedwa.

A Namakhwa anaika chipewa pabondo. Kenako anati, “Dzanja losaina linali langa. Ndiimbire mwanayo.”

Analankhula mphindi zisanu ndi chimodzi. Mwanayo anawauza kuti kugulitsa masheya mitengo ili pansi n'kutaya kawiri, bola adikire. Chaka chimenecho anafoleranso udzu.

Mayi Chikopa sanawalipiritse foniyo. A Namakhwa atapita, Mayi Chikopa anandiuza kuti, “Munthu akakupatsa pepala ndiye kuti wakubwereka maso. Uwerenge mpaka pansi, kusankha umusiyire mwini wake.”

Ndinagwira pamenepo zaka zinanso ziwiri, kufikira mafoni am'manja atatilanda makasitomala. Lero ndine kalaliki pachipatala, ndipo tsiku lililonse anthu osadziwa Chingerezi amandipatsa mafomu. Mzere wa anthu ukhale wautali bwanji, ndimawerenga tsamba lonse. Wina akati, “Inuyo mukuona bwanji?” ndimamufotokozera zabwino ndi zoopsa za njira iliyonse, kenako ndimaika cholembera patebulo n'kudikira.